Masiku 45 a Wotchi ya a Mzee Mutiso

Tadala ndi Madalitso, ana anga, ndimaona mmene mumayang'anirana mukatsegula kabati ya mawotchi anga am'thumba. Mumtima mumati bambowa ukalamba unawayamba kalekale, nanga munthu mmodzi, jekete imodzi, mawotchi asanu ndi anayi ngachiyani? Sindikutsutsa. Ndikadzatsamira mkono mudzagawane mmene mungafunire, wofuna kugulitsa adzagulitse. Pempho langa ndi limodzi: buku lachikuto chobiriwira limene lili pansi pa mawotchiwo lisadzapite kwa ogula nyuzipepala zakale. Popeza ndapuma pantchito ndipo ndikulongedza katundu kubwerera kwathu ku Ntcheu, ndati ndilembe kuti mudziwe chimene chili m'bukumo. Za ubwana wanga musandifunse, ndinali mwana ngati ana ena onse, wa zipsera m'maondo.

Kumpoto, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yoyeza nyengo pa kabwalo ka ndege kaudzu kumpoto kwa dziko lathu, kumene ndege inkatera kawiri pamlungu tikathamangitsa ng'ombe. Tinalipo awiri basi, ine ndi bwana wanga a Gondwe, bambo wamtali wowonda amene ankamanga tayi ngakhale pokathirira mpiru kudimba. Zinthu zinkasowa, abale. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa mafomu akale. Inki ikatha tinkathira madzi m'botolo n'kukhutchumula, zolemba n'kumaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Mpweya wopopera chibaluni choyezera mphepo unkabwera pamene wafunira. Koma tsiku limene ulipo ndinkaiwala mavuto onsewo. Chibaluni chofiira chinkakwera mwakachetechete pamwamba pa mapiri, ine diso lili pa chipangizo chochitsatira, a Gondwe ali pambali panga ndi wotchi yawo yam'thumba, mphindi ikakwana n'kuti, "Werenga!" Pakati pa mawu awowo panalibe china chomveka koma wotchiyo, tiki-tiki-tiki, ndipo ndinkaona ngati kaphokoso kameneko ndi kamene kakukankhira chibalunicho kumwamba. Mpaka lero ndikalota kumpoto ndimalota kadontho kofiira kakulowa mumtambo.

Mwezi wa June wina kunazizira koopsa. Ndinkayenera kudzuka kusanayere bwino kukawerenga choyezera kutentha pakati pa bwalo, koma bulangeti linandinyengerera. Nditadzuka mochedwa ndinayang'ana nambala zadzulo lake, ndinachotserako pang'ono, n'kulemba. A Gondwe atafika anawerenga buku lathu la nambala, kenako anandigwira mkono mpaka pakhomo.

"Nkhoma, taona udzuwo. Ukuonapo chiyani?"

"Mame, bwana."

"Mame okhaokha. Nanga iwe popita ku zipangizo unachita kuuluka?"

 Pa mame onsewo panalibe phazi ndi limodzi lomwe.

"Pakadafunda padajiwitsa galu," anatero a Gondwe. "Tamvera. Nambala imene sunaione ndi maso ako ndi bodza lovala tayi. Ukaphonya, siya mpata m'buku. Mpata sunamiza munthu."

Anandipatsa rula, ndinadula nambala zanga ndekha iwo ali chilili. Kulikulu sanandinenere. Patapita zaka zambiri, iwo atamwalira, akazi awo ananditumizira wotchi ija itakulungidwa m'mpango, ati malemu anasiya mawu kuti ipite kwa mnyamata wa mame uja.

Nairobi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Ndinayenda m'masiteshoni angapo, kuchigwa cha Shire kumene inki inkauma isanafike papepala, kenako ku Lilongwe kumene ndinaphunzira kukonza zipangizo zomwezo. Luso limenelo ndi limene linandibweretsa ku Nairobi, ku bungwe lina la mayiko ambiri, kuti ndiziyesa ngati zipangizo zoyezera nyengo zikunena zoona zisanatumizidwe kumadera. Tinapeza fulati ku Madaraka, m'mwamba. Mmawa kunkayamba kulira mbalame zija zamilomo yaitali zimene zimakuwa ngati wina waziponda, kenako sitima, kenako tindege tating'ono. Inu munazolowera msanga, mwezi umodzi wokha mukukangana kale ndi makondakitala a matatu, maminibasi a kuno, m'Chiswahili. Ine ndi mayi anu aNachisale zinatitengera nthawi. Ndinachita kukanda m'mutu nditamva kuti seveni koloko mmawa kuno amati "saa moja", ola loyamba, koma pambuyo pake kuwerenga kumeneko ndinakukonda, poti tsiku limayambadi dzuwa likatuluka.

Chaka chachiwiri wotchi ya a Gondwe inaima. M'masitolo a m'tauni ankangondiuza kuti ndigule ya batire. Dalaivala wa kuntchito ndi amene anandilondolera ku Kawangware, dera lothithikana la Nairobi, kuseri kwa ogulitsa makala ndi masamba a sukuma, pa kanyumba kamalata kongokwana munthu mmodzi ndi mpando wake. Mmenemo munali a Mzee Mutiso, kunena kuti achikulire a Mutiso, mmisiri wa mawotchi, amene asanapume anagwira zaka zambiri ntchito yokonza mawotchi a anthu a njanji. Tsopano tsiku lonse ankangosintha mabatire m'timawotchi tapulasitiki. Nditaika wotchi ya a Gondwe patebulo pawo, anavula chipewa. Sindikunama, anavula chipewa! Anaitsegula, anaika kagalasi m'diso, kenako anandiyang'ana ngati ndamenya mwana wawo.

"Iwe Mmalawi, anakuphunzitsa ndani kusunga wotchi? Mafuta ake auma ngati ugali, nsima yathu ya kuno, wadzana."

Tinkalankhulana Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili changa chothyokathyoka, koma m'mutu mwanga ndimawamva m'Chichewa. Ulendo wachitatu, ataona kuti sindikubwereranso wotchi yanga yokha, anatseka kazenera n'kutulutsa chitini cha mabisiketi. M'chitinimo munali wotchi yasiliva, yodzaza chikhatho, ndi pepala lachikasu lopindidwa panayi. Anapatsidwa ndi mzungu wina woyeza malo pamene ankabwerera kwawo. Pepalalo linali satifiketi yochokera ku nyumba yoonera nyenyezi ya ku Ulaya.

"Kale kunalibe wailesi yokuuza nthawi," anatero. "Nthawi yeniyeni inali ndi anthu oona nyenyezi. Ndiye wopanga wotchi akayamba kudzitama, ankamuuza kuti bwera nayo tione. Ankaisunga masiku 45. Masiku asanu itaimirira, asanu itapendekera kumanja, asanu kumanzere. Kenako chagada m'kabati yozizira, m'chipinda wamba, m'kabati yotentha, n'kuipatsako tsiku lozolowera posintha. Kenako chafufumimba, pomaliza n'kuimiriranso. Tsiku lililonse ola lomwelo munthu ankaipukusa n'kulemba kuti yatsogola kapena yatsalira masekondi angati. Mivi sankaikhudza. Wotchi ikaima kapena wina akaigwiragwira, mayeso afa, ayambirenso."

"Nanga ikamatsalira, osaikonza?"

"Kutsalira si mlandu. Itsalire masekondi awiri lero, awiri mawa, awiri mkuja, imeneyo ungawoloke nayo nyanja yamchere, chifukwa mtima wake ukuudziwa. Yoipa ndi ya lero kutsogola, mawa kutsalira."

Anaiika pakhutu panga. Kunja kunali Kawangware wathunthu, mahutala, nyimbo, wogulitsa nthochi akukuwa, koma zonsezo zinapita kutali. M'maganizo ndinaona chipinda chozizira, zenera lochita nkhungu, munthu wandevu amene sindidzamudziwa akulemba nambala ndi inki yosathiridwa madzi. Ndinamva ngati ndi mnzanga wapantchito, kungoti iye anafulumira kubadwa. Pobwerera ndinali ngati woledzera, mpaka matatu anandipitiriza siteji ya kwathu.

Zaka zotsatira

Matendawo anandigwirira pamenepo. Loweruka lililonse ndinali m'misika ya zinthu zakale kapena m'nyumba za anthu olongedza kubwerera kwawo. Ina ndinaipeza m'katoni ya masupuni. Ina anandipatsa mayi wina wachimwenye amene anati bola ipite kwa munthu woti aziipukusa. Iliyonse ndinkathamangira nayo ku Kawangware, a Mzee n'kuitsegula, n'kutukwana mwini wake wakale, n'kuidzutsa. Atatu okha mwa mawotchi angawa ndi amene ali ndi mapepala a oona nyenyezi, ndipo mapepalawo ndinkawawerenga ngati makalata ochokera kumudzi. Amalawi anzathu tikakumana kutchalitchi ankandiseka. "A Nkhoma, nthawi ili bwanji? Kapena tifunse kaye kuti thumba liti?"

Mayi anu sankaseka. Apa ndinene cholakwa changa mosabisa. Zaka zonsezo sindinakhalepo nawo pansi n'kuwafotokozera kuti timawilo timeneti timandichita chiyani. Munthu anasiya abale ake onse kunditsatira kudziko la eni, koma pa za mawotchi mawu anga kwa iwo anali amodzi okha: musakhudze. Tsiku lina anandiuza kuti, "Bambo a Tadala, mawotchi anuwa mumawamvetsera mpaka kutsinzina. Ine ndikamayankhula mumangoti mm. Mwina nane ndiyambe kulira tiki-tiki." Ndinaseka. Sindinkayenera kuseka.

Nyengo yozizira, chaka chimene a Mzee anadwala

Maso a a Mzee anayamba kuchita khungu, kenako matenda ena anawalowa m'mimba. Mwana wawo wamkazi, Mwende, amene ankasoka zovala m'fakitale ina ku Athi River, kunja kwa Nairobi, anawatenga kuti azikakhala nawo. Nditapita kukawazonda ndinawapeza pakhonde atafunda bulangeti, masamba a mtengo wapabwalo ali mbuu ndi fumbi la simenti. Mwende anandikokera pambali n'kundiuza kuti kuchipatala anena kuti palibenso chochita, awasamalire kunyumba. A Mzee anali ndi chitini chija pamwendo.

"Wotchi iyi ndaisunga zaka zoposa makumi anayi," anatero. "Ndaitsuka ndi manja awa, ndipo komaliza ndinaitsuka maso atayamba kale kundithawa. Ndikufuna kudziwa ndisanapite ngati ndinaiononga kapena ikadali ija ya papepala. Iwe kuntchito kwako muli ndi nthawi yeniyeni. Uiyese mmene ankayesera eni ake, masiku onse 45, ndipo usandichitire chifundo."

Bwana wanga nthawi imeneyo anali Mayi Mensah a ku Ghana, mayi wokalipa koma wamtima wabwino. Nditawafotokozera anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, kenako anandibwereka kachipangizo kolandira nthawi kuchokera ku setilaiti, ati bola kabwerere kali moyo. Inu munali kusukulu zogonera konko. Mayi anu anali atapita ku Ntcheu kukamanga chiliza cha mayi awo, ndipo tinasiyana nkhani ya tiki-tiki ija isanathe bwino. Nyumba yonse inali yanga. Ndinakhoma kathabwa ka misomali pakhoma, ndinapeza chitini chotseka bwino cholowa m'firiji, ndinakonza bokosi la babu ngati lofungatira anapiye. Ndinagula buku lobiriwira lija n'kujambula mizere ndi rula.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati maloto amodzi aatali. Ndinkadzuka nkhungu ya July ikadali pakati pa mafulati, denga la sitediyamu yapafupi likuoneka ngati likuyandama. Ndinkakhala patebulo, diso lina pa kachipangizo, lina pa kamuvi ka masekondi, osapuma mpweya. Seveni koloko ikakwana ndinkalemba nambala, n'kupukusa wotchi pang'onopang'ono mpaka italimba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinadekha moti nthawi zina ndinkaona ngati munthu wandevu uja wakhala tsidya lina la tebulo, akusuzumira m'buku langa n'kumagwedeza mutu. Ndikatha ndinkaimba foni ya Mwende. Mawu a a Mzee ankabwera asanandipatse ndi moni womwe: "Leo ngapi?" Lero ingati? Ine n'kuti yatsalira awiri. Iwo n'kuti, "Sawa," kutanthauza chabwino, foni n'kudula. M'firiji inatsalira awiri ndi kachidutswa. M'bokosi la babu chimodzimodzi. Masiku amenewo ndinkapemphera kuti magetsi asazime kuposa mmene ndinapempherera mvula moyo wanga wonse, ndipo sanazime. Popeza a Mzee anali asanasunthe mivi kwa miyezi, wotchiyo inali m'mbuyo ndi mphindi zinayi, koma zimenezo sizinali kanthu kwa ife.

Tsiku la 41

Mayi anu anafika madzulo a tsiku la 40, atatopa ndi ulendo. Tinacheza za kumudzi, za chiliza, za amene wakwatiwa ndi amene wathetsa banja. Za mayeso sindinanene. Ndinati ndidzawauza zikatha, kwangotsala masiku asanu. Mmawa ndinalemba nambala yanga iwo akadali m'tulo, ndinapachika wotchi pamsomali wake itaimirira, ndinapita kuntchito.

Pobwera madzulo ndinapeza nyumba ikuwala, makatani achapidwa, kukhitchini kukununkhira usipa wochokera kumudzi. Ndinayang'ana pakhoma. Msomali unali wokha. Wotchi ya a Mzee inali chagada pakati pa tebulo, pa kansalu koluka, ikunyezimira ngati yangotuluka m'sitolo. Mayi anu anatuluka kukhitchini akupukuta manja pachitenje, akumwetulira ngati tsiku la chinkhoswe chathu.

"Ndaipukuta," anatero. "Inali m'mbuyo ndi mphindi zinayi zathunthu, inu osaona? Ndaikonza ndi nyuzi za pawailesi, ndaipukusanso kuti isaime. Kumudzi kuja ndimaganiza, ndati basi, nane ndiyambe kuwadziwa ana anu enawa."

Ana anga, ndinakuwa. Ine amene simunandimvepo ndikukweza mawu, ndinakuwa mpaka aneba anatsitsa wailesi. "Anakutumani ndani? Masiku makumi anayi! Munthu akufa ku Athi River akudikira wotchi imeneyi, inu mwaisandutsa duwa la patebulo!" Kumwetulira kuja kunazima ndikuona. Sanalire. Anangoima, kenako anafunsa ndi mawu otsika.

"Munandiuza liti?"

 Usipa uja tinadya osayang'anana, ndipo sindikukumbuka kukoma kwake.

Mmawa mwake nambala inatuluka yosiyana ndi zinzake. Sizikanalephera, wotchi yoti iimirire inagona chagada tsiku lonse, inapukusidwanso pakati pa usana. Ndinakhala cholembera chili m'manja. Nambala yoyenera kukhala pamzerepo ndinkaidziwa ngati dzina langa. Masiku makumi anayi inali ikunena chinthu chimodzi, ndipo kulemba "awiri" sikukanakhala kunamizira wotchiyo. Dzulo lake Mwende anali atandinong'oneza pafoni kuti bambo ake asiya kudya, akungomwa phala pang'ono. Kunatsala masiku anayi. Ndikanalemba, Lolemba ndikanapita ndi buku lathunthu, nkhalamba ikanamva zimene inkafuna, palibe akanadziwa. Ndinayang'ana pazenera. Pansi pa fulati panali kapinga wodzaza mame, ndipo ndinakoka katani n'kutseka.

Foni inalira. "Leo ngapi?"

"Ndibwera konko, Mzee. Ndidzakuuzani pamaso."

Mayi anu anali ataima pakhomo la kuchipinda, atavala kale nsapato. "Musalembe zimene mukufuna kulembazo," anatero. "Mwakhala mukundiuza nkhani ya a Gondwe chikwatirane. Siyani mpata wanuwo. Wolakwa ndine, tipitira limodzi."

Ndinasiya mpata. 

Athi River, tsiku lomwelo

Tinakwera maminibasi awiri. A Mzee anali atagona m'chipinda, ataonda moti bulangeti linkaoneka ngati mulibe munthu. Mayi anu anagwada pambali pa bedi mmene timachitira kwathu, anaomba m'manja mofatsa, n'kufotokoza zonse m'Chichewa, ine ndikumasulira. Sanasiyeko kanthu, ngakhale kansalu koluka.  Kenako bedi linayamba kugwedezeka. Ankaseka, abale, mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, Mwende n'kuthamanga ndi madzi.

"Mama, dzukani," anatero atapeza mpweya. "Zaka makumi anayi ine ndimatsuka m'kati mokha. Kunja palibe anaipukutapo. Mwaichitira ulemu."

Ndinaona ngati ndapeza polowera. "Mzee, mpata ndi wa tsiku limodzi lokha. Masiku ena onse ali bwino. Ndimalize anayi otsalawa, tiwerengere pamodzi, yankho lidzaoneka ndithu."

"Oona nyenyezi aja akanalola mpata?"

"Ayi."

"Ndiye bwanji ukufuna kundipatsa satifiketi ya ku Kawangware? Yambanso."

"Koma Mzee, masiku 45..."

"Kuwerenga ndimadziwa, Mmalawi. Ine ndiyesetsa mbali yanga. Iwe yesetsa yako."

Potiperekeza Mwende anandiimitsa pageti, maso ali psuu. "Mukanangolemba," anatero. "Saona. Akanadziwa bwanji? Mwawapatsa mtunda woti sangaumalize." Ndinayang'ana pansi. Mumtima ndinkagwirizana naye, ndipo ndinadzida kwambiri tsiku limenelo.

September ndi October

Tinayambiranso pa tsiku loyamba, koma tsopano patebulo tinali awiri. Mayi anu ankadzuka ine ndisanadzuke, n'kuika tiyi, n'kukhala tsidya lina kumene kunkakhala wandevu uja. Ndinawaphunzitsa kuwerenga kamuvi ka masekondi, kupukusa osapyoza, ndi chifukwa chake mivi siikhudzidwa. Zimene ndinalephera kunena zaka khumi ndinazinena m'milungu iwiri, ndipo sizinali zovuta n'komwe. Masiku a m'firiji atafika anachotsa okha masamba ndi mkaka pashelefu yapakati, n'kumata kapepala pachitseko koletsa kutsegulatsegula. Tsiku lina ndinawapeza ataika khutu pafupi ndi kathabwa, manja ali kumbuyo, atatsinzina. Ataona kuti ndawaona anati, "Musandiyang'ane choncho. Ikumveka ngati mvula ikamayamba pa malata a kwathu."

Mitengo ya jakaranda inayamba kuchita maluwa mumsewu wathu. Mmawa uliwonse foni, mmawa uliwonse "Leo ngapi?", koma mawuwo ankachepa tsiku ndi tsiku. Titadutsa tsiku la 30 Mwende ndi amene ankawagwirira foni pakhutu. Ndinkanena nambala, n'kumva kupuma kokha, kenako patali, "Sawa." Ndinkawerenga masiku otsala pa zala ngati mwana wodikira Khirisimasi, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti tifika.

Tsiku la 36 foni inalira seveni isanakwane. Ndinadziwa ndisanayankhe. Kunatsala masiku asanu ndi anayi.

Ndinalira, ana anga, ndinalira ngati ndi bambo anga ondibereka. Ndinati buku limeneli nditaya, kuona mtima kwanga kwamana nkhalamba chinthu chimodzi chokha chimene inapempha. Mayi anu anandisiya ndilire, diso lawo lili pa kachipangizo. Kenako anandigwira paphewa. "Kwatsala mphindi imodzi. Anati iwe yesetsa yako." Ndinapukuta maso, ndinawerenga, ndinalemba. Inatsalira awiri.

Mwambo woika maliro unagwera pa tsiku la 43, kumudzi kwawo kupitirira Machakos, ndipo galimoto ya operekeza inkanyamuka dzulo lake. Ndinagwira njakata. Kusapita kumaliro a munthu ngati ameneyo sikukanatheka, kunyamula wotchi kunali kupha mayeso kachiwiri. Mayi anu anati, "Pitani mukaike mnzanu. Kunoko ndilipo." Ndinawayang'ana, iwonso anandiyang'ana, ndipo tonse tinadziwa chimene ndinkaopa. Ndinatenga chikwama changa n'kunyamuka osanena mawu anga akale aja oti musakhudze.

Tsiku la 45 litakwana ndinatambasula pepala lachikasu pambali pa buku lobiriwira n'kuwerengera, kawiri, kenako kachitatu. Wotchiyo inali ikadali ija ya papepala. Kusiyana kunalipo, koma kochepa moti oona nyenyezi sakanaibweza. Manja a munthu wosaona bwino, m'kanyumba kamalata pakati pa fumbi la makala, sanaiononge ngakhale pang'ono. Ndinatenga foni mwachizolowezi, ndinaimba, ndipo anayankha Mwende. Ndinamuwerengera nambala zonse ngakhale sizinkamukhudza. Analira, kenako anandiuza kuti masiku onse aja bambo ake ankamudzutsa kuti awasambitse n'kuwakhazika tsonga seveni isanakwane, ndiponso kuti a kuchipatala sankayembekeza kuti angafike mwezi wa October. "Komabe ine ndimati mukanangolemba," anatero. Wotchi ndi pepala lake anati ndisunge ndine. Mpaka lero sindidziwa kuti pakati pa iye ndi ine wolondola ndani. Masiku ena ndimati ndinawapatsa a Mzee masiku 36. Masiku ena ndimati ndinawalanda Lolemba limodzi limene akanasangalala.

Madaraka, lero

Makatoni adzaza pabalaza, makoma ayera mmene munali zithunzi, koma kathabwa ka misomali sindinakachotse. Ndikusiyira amene adzalowe m'nyumba muno kuti adzadabwe. Chitisiyireni mayi anu chaka chatha, seveni koloko imandipeza ndekha patebulo, ndipo tsidya linalo wandevu uja sanabwererenso. Malowo ali ndi mwini wake.

Mukadzatsegula buku lobiriwira, musadzavutike ndi nambala, sizidzakuuzani kanthu. Pamasamba oyamba mudzaona mpata umodzi, umenewo ndi wanga. Kenako mudzapite kumapeto, pa tsiku la 43 la mayeso achiwiri. Mzere umenewo si wa dzanja langa. Zilembo zake ndi zazikulu, zozungulira, zimene munkaziona pa makalata a kusukulu kwanu. Nambala ndi awiri, monga masiku onse. M'mphepete mwake, pamene ine sindinkalembapo kanthu, mayi anu anawonjezera mawu awo:

"Ndapukusa kokha, bambo a Tadala. Mivi sindinakhudze."